Phunziro la Alangizi: Mbewu za Mafuta, Mafuta a m'Magazi ndi Matenda a Mtima

CHOLINGA CHA PHUNZIROLI

Kwa zaka zambiri alangizi a zaulimi ku Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi maiko oyandikana nawo akhala akulimbikitsa alimi kulima mtedza, mpendadzuwa, soya ndi chitowe, ndiponso kuweta nkhuku, nkhumba ndi ng'ombe zamkaka. Mbewu ndi ziweto zimenezi ndizo gwero la mafuta amene mabanja amadya. N'chifukwa chake mafunso okhudza mafuta ndi umoyo amafika kwa mlangizi wa zaulimi, ngakhale kuti iye sadaphunzire zachipatala. Mlimi amafunsa ngati n'zoona kuti mafuta ophikira amatseka mitsempha. Mayi amafunsa ngati dzira lili loyenera kwa mwana wake, popeza adamva kuti mazira amayambitsa matenda a mtima.

Yankho losalingalira bwino likhoza kupweteka anthu mbali ziwiri. Mlangizi akanena kuti mafuta onse ndi oipa, mayi adzaleka kuthira nsinjiro m'phala, ndipo mwana amene anali kale woperewera zakudya m'thupi adzanyentchera. Akanena kuti mafuta alibe vuto lililonse, bambo wa m'tauni wonenepa, wosuta fodya ndi wodwala shuga adzapitiriza kudya nyama yonona ndi zokazinga tsiku ndi tsiku kufikira mtima utamudzidzimutsa. Phunziroli likufotokoza zimene ofufuza apeza pa nkhaniyi kuyambira m'chaka cha 1913, ndi mmene zopezazo zikukhudzira ntchito ya ulangizi.

KOLESITEROLO NDI MAFUTA ENA A M'MAGAZI

M'magazi a munthu muli mafuta amitundu ingapo, koma mitundu iwiri ndiyo imayesedwa kawirikawiri kuchipatala. Mtundu woyamba ndi triglyceride. Amenewa ndi mafuta enieni ooneka pa nyama yonona ndi m'botolo la mafuta ophikira, ndipo ntchito yake ndi kusunga mphamvu. Galamu imodzi ya mafuta imapereka makalori 9, pamene galamu imodzi ya sitalichi wa m'chimanga kapena m'chinangwa imapereka makalori 4 okha.

Mtundu wachiwiri ndi kolesiterolo, chinthu chooneka ngati phula. Katswiri wa ku France, Michel Chevreul, ndiye adamupatsa dzina m'chaka cha 1815 atamufufuza m'timiyala ta m'ndulu. Kolesiterolo si poizoni ayi. Amapezeka m'khungu la selo iliyonse ya m'thupi, ubongo uli naye wambiri, ndipo thupi limamugwiritsa ntchito popanga ndulu yogayira mafuta, mahomoni ndi vitamini D. Thupi limadzipangira lokha pafupifupi magawo atatu mwa magawo anayi a kolesiterolo wake. Gawo lotsalalo limachokera ku nyama, mazira ndi mkaka. Konrad Bloch ndi Feodor Lynen adalandira mphotho ya Nobel m'chaka cha 1964 kaamba kofotokoza mmene thupi limapangira zinthu zimenezi. Mafuta ochokera ku zomera alibe kolesiterolo woti n'kuwerengedwa. Motero mawu olembedwa pa botolo akuti mafutawo alibe kolesiterolo ndi oona pa mafuta onse a zomera, ndipo sasonyeza kuti mafuta amenewo aposa anzake.

Mafuta ndi madzi sizisakanizika, ndipo gawo lalikulu la magazi ndi madzi. Choncho thupi limakulunga mafuta m'timatumba ta mapuloteni totchedwa lipoprotein. M'chaka cha 1950 John Gofman wa ku Berkeley, m'dziko la America, adaonetsa kuti timatumba timeneti sitifanana, ndi kuti mtundu umodzi ndiwo umachuluka mwa anthu odwala mtima. Mtunduwo ndi LDL, umene umanyamula kolesiterolo kupita ku ziwalo. Mtundu wina, HDL, umatenga kolesiterolo wotsala n'kumubwezera ku chiwindi.

Chiwindi chili ngati nkhokwe, ndipo LDL ili ngati ngolo zimene zili panjira. Pachiwindi pali tizipata tolandirira ngolozo. Tizipatato tikachepa, ngolo zimaunjikana m'magazi, ndipo zina zimalowa m'khoma la mtsempha n'kukhazikika mmenemo, monga matope amadzadzira m'ngalande yothirira imene sikonzedwa. Pang'onopang'ono ndi mtolo: ntchitoyi imatenga zaka makumi angapo munthu osamva kuwawa kulikonse. Tsiku lina chotupa cha m'khomacho chimang'ambika, magazi amaundana pamenepo, ndipo mtsempha umatsekeka. Zikachitikira mu mtsempha wodyetsa mtima, mbali ya mtima imafa. Zikachitikira mu ubongo, munthu amafa ziwalo. Kolesiterolo amayesedwa m'magazi basi, ndipo kwa munthu wamkulu mlingo wofunika ndi wosapitirira 5 mmol pa lita imodzi. Munthu woonda akhozanso kukhala naye wochuluka.

MMENE UMBONI UDAPEZEKERA

M'chaka cha 1913, ku St Petersburg m'dziko la Russia, Nikolai Anichkov adadyetsa akalulu kolesiterolo wosungunulidwa m'mafuta, ndipo mitsempha yawo idachita zotupa zofanana ndi za anthu. Madokotala ambiri sadalabadire, ponena kuti kalulu ndi nyama yodya msipu imene singayerekezedwe ndi munthu. Umboni wochokera kwa anthu udabwera nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. M'chaka cha 1948 ofufuza adayamba kulondola umoyo wa anthu 5,209 a m'tauni ya Framingham ku America. Pofika m'zaka za m'ma 1960 zidaoneka poyera kuti kolesiterolo wochuluka, kuthamanga kwa magazi ndi kusuta fodya zimachulukitsa matenda a mtima, ndi kuti zikakumana mwa munthu mmodzi ngoziyo imakula koposa.

M'chaka cha 1958 Ancel Keys ndi anzake adayamba kafukufuku wa amuna oposa 12,000 m'maiko asanu ndi awiri: America, Finland, Netherlands, Italy, Yugoslavia, Greece ndi Japan. Kum'mawa kwa Finland, kumene anthu ankadya batala ndi mkaka wonona kwambiri, kolesiterolo anali wokwera ndipo imfa za mtima zinali zambiri. Pachilumba cha Crete anthu ankadyanso mafuta ambiri, koma anali a maolivi, ndipo imfa zoterezi zinali zochepa. Apa padaoneka kuti mtundu wa mafuta ndiwo wofunika kuposa kuchuluka kwake. Kafukufukuyu anali ndi zofooka zake: adayesa amuna okhaokha, ndipo kuyerekeza maiko sikungatsimikize chimene chayambitsa matenda, popeza maiko amasiyana m'zinthu zambiri.

Umboni wamphamvu udachokera ku mankhwala. Akira Endo, mwana wa mlimi wa ku Japan amene adaphunzira zaulimi pa yunivesite ya Tohoku, adayesa nkhungu zamitundu zikwi zingapo. M'chaka cha 1973 adapeza mu nkhungu yomera pa mpunga, yotchedwa Penicillium citrinum, mankhwala oletsa chiwindi kupanga kolesiterolo. Umu ndi mmene mankhwala a statin adayambira. M'chaka cha 1994 kafukufuku wa odwala mtima 4,444 m'maiko a Scandinavia adasonyeza kuti mankhwala a simvastatin adachepetsa imfa ndi 30 pa 100 iliyonse. Kutsitsa LDL kudapulumutsa miyoyo. Koma mankhwala amene adapangidwa kuti akweze HDL sadathandize chimodzimodzi, kotero kuti ofufuza tsopano amaika mtima kwambiri pa LDL.

ZIMENE ZIDAPEZEKA MU AFRICA

Mbali yofunika ya umboni umenewu idapezeka m'chigawo chino. M'chaka cha 1954 A. R. P. Walker ndi mnzake U. B. Arvidsson, ku Johannesburg, adalemba kuti anthu akuda a ku South Africa, amene chakudya chawo chenicheni chinali chimanga chokhala ndi mafuta ochepa, anali ndi kolesiterolo wotsika. M'chaka cha 1955 Brian Bronte-Stewart, Ancel Keys ndi John Brock adayesa amuna amitundu itatu ku Cape Town. Azungu anali ndi kolesiterolo wokwera koposa, anthu akuda wotsika koposa. Komabe mkati mwa mtundu uliwonse, amene ankalandira ndalama zambiri ndi kudya mafuta ambiri a nyama ndiwo anali ndi kolesiterolo wokwera. Chosiyanitsa chachikulu chinali mbale, osati khungu. M'chaka chotsatira Bronte-Stewart ndi anzake adadyetsa anthu mafuta osiyanasiyana, ndipo adapeza kuti batala ndi mafuta a ng'ombe amakweza kolesiterolo pamene mafuta a mpendadzuwa amamutsitsa. Ku Kampala, m'chaka cha 1959, A. G. Shaper ndi K. W. Jones adapeza kuti kolesiterolo wa Amwenye ankakwera ndi msinkhu, pamene wa anthu akuda ankakhala wotsika mpaka ukalamba.

Ena amatchula Amasai a ku Kenya ndi Tanzania, amene amadya mkaka ndi nyama, ngati umboni wakuti mafuta a nyama alibe vuto. N'zoona kuti m'chaka cha 1964 George Mann adapeza kuti amuna a Chimasai anali ndi kolesiterolo wotsika. Koma m'chaka cha 1972, atayesa mitima ndi mitsempha ya amuna 50 omwalira, adapeza kuti makoma a mitsempha yawo anali okhuthala ndithu, kungoti mitsemphayo inali yotakasuka. Anthuwa ankayenda mitunda italiitali ndi ziweto tsiku lililonse, moyo umene munthu wa mu ofesi alibe.

Zinthu zasintha chiyambire zaka zimenezo. Walira mvula walira matope: ndalama za m'tauni zabwera ndi tchipisi tapachiwaya, mandasi, majarini, zakumwa zotsekemera ndi ntchito zongokhala pansi. Kafukufuku wa dziko lonse amene adachitika ku Malawi m'chaka cha 2009 pakati pa anthu a zaka 25 mpaka 64 adapeza kuti 8.7 pa 100 alionse anali ndi kolesiterolo wokwera, 5.6 anali ndi matenda a shuga, ndipo 32.9 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Ziwerengerozi zikuphunzitsa zinthu ziwiri. Vuto la kolesiterolo lilipo ndithu. Koma kuthamanga kwa magazi kudapezeka mwa anthu ochuluka kuposa katatu, ndipo mlangizi wonena za mafuta n'kuiwala mchere wasiya mdani wamkulu pakhomo.

MITUNDU YA MAFUTA A M'ZAKUDYA

Mafuta a m'zakudya amagawidwa m'magulu atatu.

1. Mafuta oundana, amene akatswiri amawatcha saturated. Amalimba akazizira. Amachepetsa tizipata ta pachiwindi tija, ndipo LDL imakwera. Mu mafuta a batala gawo loundana limapitirira 60 pa 100, mu mafuta a kanjedza ndi pafupifupi theka, ndipo mu mafuta a kokonati limapitirira 80 pa 100. Mafuta a ng'ombe, mbuzi ndi nkhumba alinso ndi gawo lalikulu lotere.

2. Mafuta osaundana, otchedwa unsaturated. Amakhala amadzimadzi ngakhale m'nyengo yozizira, ndipo akalowa m'malo mwa oundana amatsitsa LDL. Gawo loundana mu mafuta a mpendadzuwa ndi pafupifupi 11 pa 100, mu soya 15, mu mtedza 17 mpaka 20, ndipo mu njere za thonje 26. Chitowe ndi mapeyala zili m'gulu lomweli. Ina mwa mafuta amenewa thupi silingathe kudzipangira. George ndi Mildred Burr adaonetsa zimenezi m'chaka cha 1929 ku Minnesota, pamene makoswe omanidwa mafuta adaleka kukula ndi kuyamba kusendeka khungu. Nsomba monga usipa, matemba ndi kapenta zimapereka mtundu wina wotchedwa omega-3, wofunika ku ubongo ndi maso.

3. Mafuta olimbitsidwa kufakitale, otchedwa trans. Amapangika pamene mafuta amadzimadzi alimbitsidwa ndi mpweya wa hydrogen kuti akhale majarini wolimba kapena mafuta ophikira mabisiketi. M'chaka cha 1990 Ronald Mensink ndi Martijn Katan, pa yunivesite ya zaulimi ya Wageningen ku Netherlands, adasonyeza kuti mafutawa amakweza LDL ndi kutsitsa HDL nthawi imodzi. Dziko la Denmark lidakhazikitsa lamulo m'chaka cha 2003 loti asapitirire magalamu 2 pa magalamu 100 a mafuta, ndipo South Africa idachita chimodzimodzi m'chaka cha 2011.

Malangizo a bungwe la World Health Organization a m'chaka cha 2023 akuti kwa munthu wamkulu mafuta onse asapitirire 30 pa 100 ya mphamvu za m'chakudya, oundana asapitirire 10, ndipo a trans asapitirire 1. Ofufuza a bungwe la Cochrane ataphatikiza mayeso 15 m'chaka cha 2020, adapeza kuti kuchepetsa mafuta oundana kumachepetsa matenda a mtima ndi mitsempha ndi 17 pa 100, ngakhale kuti chiwerengero cha imfa sichidasinthe mooneka. Chofunika ndi chimene chalowa m'malo mwake. Kuchotsa mafuta a nyama n'kuikapo mtedza, nyemba ndi nsomba kumathandiza. Kuikapo shuga ndi buledi woyera phindu lake n'lochepa. Shuga, mowa ndi zakudya zaufa woyera zikachuluka, chiwindi chimazisandutsa triglyceride.

Nkhani ya mazira idasinthanso. Dzira limodzi lalikulu lili ndi mamiligalamu pafupifupi 190 a kolesiterolo, onse m'mbali yachikasu. Koma mwa anthu ambiri, kolesiterolo wa m'chakudya akachuluka thupi limachepetsa wodzipangira, kotero kuti wa m'magazi amakwera pang'ono chabe. M'chaka cha 2015 dziko la America lidachotsa m'malangizo ake malire akale a mamiligalamu 300 patsiku.

MAIKO AWIRI AMENE ADASINTHA MAFUTA AWO

Pachilumba cha Mauritius, anthu ambiri ankaphikira mafuta otsika mtengo amene boma linkayang'anira, ndipo gawo lalikulu la mafutawo linali la kanjedza. M'chaka cha 1987, ataona kuchuluka kwa matenda a shuga ndi a mtima, boma lidasintha mafutawo kuti akhale a soya okhaokha. Pofika m'chaka cha 1992 kolesiterolo wa anthu akuluakulu adatsika kuchoka pa 5.5 kufika pa 4.7 mmol pa lita. Mabanja sadasinthe kaphikidwe kawo. Chimene chidasintha ndi mafuta a m'botolo. Komabe m'zaka zomwezo anthu onenepa adachuluka ndipo matenda a shuga sadachepe, kusonyeza kuti kusintha mafuta kokha sikuthetsa zonse.

Ku North Karelia, chigawo cha alimi a ng'ombe zamkaka kum'mawa kwa Finland, ntchito yolimbana ndi matenda a mtima idayamba m'chaka cha 1972 motsogozedwa ndi dokotala Pekka Puska. Atsogoleri a ntchitoyi adazindikira kuti n'kovuta kuuza mlimi kuti aleke batala pamene batala ndiye amamupatsa ndalama. Motero m'zaka za m'ma 1980 alimi ena adathandizidwa kuyamba kulima zipatso zing'onozing'ono za kumaloko, ndipo mbewu ya rapeseed, imene imapirira kuzizira, idayamba kupereka mafuta ophikira a m'dziko momwemo. Adalimbananso ndi fodya ndi mchere. Patatha zaka 40, imfa za mtima pakati pa amuna a msinkhu wogwira ntchito zidatsika ndi kupitirira 80 pa 100. M'maiko onse awiriwa, chimene chidalimidwa ndi kugulitsidwa chidakhudza magazi a anthu.

MATENDA AMENE AMASOKONEZA MAFUTA A M'MAGAZI

Si kolesiterolo yense wokwera amene amayamba ndi chakudya. Pali matenda a chibadwa otchedwa familial hypercholesterolaemia. Michael Brown ndi Joseph Goldstein a ku Dallas adapeza m'zaka za 1973 ndi 1974 kuti odwala matendawa amabadwa ndi tizipata ta LDL tochepa kapena tosagwira ntchito, ndipo adalandira mphotho ya Nobel m'chaka cha 1985. Padziko lonse munthu mmodzi mwa 250 ali ndi matendawa, koma pakati pa Mabunu a ku South Africa ndi mmodzi mwa 100 kapena kuposerapo, chifukwa mtunduwo udachokera ku mabanja owerengeka. Mwana aliyense wa kholo lodwala akhoza kutengera kapena ayi, mwayi wake uli theka ndi theka. Zizindikiro zake ndi timabuma tolimba pa mtsempha wa kuchidendene kapena pa mfundo za zala, ndiponso imfa zadzidzidzi za achibale asanakalambe. Chakudya chokha sichingathetse matendawa, amafuna mankhwala.

Matenda a shuga ndi kunenepa kwa pamimba zimakweza triglyceride ndi kutsitsa HDL. Kachilombo ka HIV nakonso, pamodzi ndi ena mwa mankhwala ake, kamasintha mafuta a m'magazi. Mankhwala akale a stavudine ankaphwetsa masaya ndi miyendo, ndipo adachotsedwa pang'onopang'ono kutsatira malangizo a World Health Organization a m'chaka cha 2010. M'chaka cha 2023 kafukufuku wa anthu 7,769 a HIV m'maiko 12, kuphatikizapo Zimbabwe, Botswana, South Africa ndi Uganda, adasonyeza kuti statin wotchedwa pitavastatin adachepetsa matenda aakulu a mtima ndi mitsempha ndi 35 pa 100. Munthu wa pa ma ARV sayenera kuleka mankhwala ake chifukwa choopa mafuta. Ayenera kukambirana ndi achipatala.

MWANA AMAFUNA MAFUTA

Kumidzi yambiri ya m'chigawo chino vuto lalikulu ndi kuchepa kwa mafuta, makamaka kwa ana. Pafupifupi theka la mphamvu za mu mkaka wa m'mawere limachokera ku mafuta. Mwana akayamba phala la ufa woyera lamadzimadzi, kamimba kake kamadzaza asanapeze mphamvu zokwanira. Supuni yaing'ono imodzi ya mafuta imaonjezera makalori pafupifupi 40 popanda kuchulukitsa phalalo. Vitamini A, D, E ndi K amalowa m'thupi mothandizidwa ndi mafuta, motero chisoso, bonongwe kapena nkhwani zotendera zimapindulitsa thupi kuposa zongowiritsa ndi mchere. Mafuta ofiira a kanjedza a ku Karonga ndi Luapula, ngakhale ali ndi gawo lalikulu loundana, ali ndi vitamini A wambiri wothandiza ana.

Matenda otupikana a kwashiorkor, amene ena kumudzi amawayesa tsempho, adafotokozedwa ndi dokotala Cicely Williams m'chaka cha 1933 ku Gold Coast, dziko limene tsopano ndi Ghana. Chodabwitsa n'chakuti chiwindi cha mwana wotere chimadzaza mafuta ngakhale iye sakudya mafuta. M'chaka cha 1969 Stewart Truswell, John Hansen ndi anzawo ku Cape Town adapeza kuti magazi a ana oterewa ali ndi lipoprotein wochepa, kusonyeza kuti chiwindi chimalephera kutumiza mafuta kunja chifukwa chosowa timatumba tonyamulira.

Chiponde chochiritsira ana onyentchera chidapangidwa m'chaka cha 1996 ndi André Briend ndi Michel Lescanne a ku France kuchokera ku mtedza, mafuta, mkaka waufa, shuga ndi mavitamini. Mark Manary ndi anzake adachiyesa ku Blantyre kuyambira m'chaka cha 2001, ndipo adasonyeza kuti ana ambiri amachira ali kunyumba. Kapaketi kamodzi ka magalamu 92 kali ndi makalori 500, ndipo oposa theka amachokera ku mafuta.

NTCHITO YA OFUFUZA ZA MBEWU

Opanga mbewu akhala akutsatira zopeza za madokotala. Ku Canada, Baldur Stefansson ndi Keith Downey adachotsa mu rapeseed asidi wokayikitsa ku mtima wotchedwa erucic, ndipo mtundu woyamba wa canola udatulutsidwa m'chaka cha 1974. M'chaka cha 1987 A. J. Norden ndi anzake pa yunivesite ya Florida adapeza mtedza wokhala ndi mafuta a oleic okwana pafupifupi 80 pa 100. Mafuta otere amakhalitsa osachita fungo. Zotsatira za kafukufuku wa ku Malawi zimene zidasindikizidwa m'chaka cha 2022 zidasonyeza kuti chiponde cha mtedza wa mtundu umenewu, chothiridwa omega-3 wa DHA, chidathandiza kakulidwe ka nzeru za ana ochira kuposa chiponde chanthawi zonse.

M'chigawo chino, bungwe la ICRISAT lidayamba ntchito ya mtedza ku Chitedze, pafupi ndi Lilongwe, m'chaka cha 1982. Mtedza wa CG7, umene udatulutsidwa ku Malawi m'chaka cha 1990 ndipo ku Zambia umatchedwa MGV4, uli ndi mafuta ambiri kuposa Chalimbana. Makina oyengera mafuta a mpendadzuwa ndi manja, amene Carl Bielenberg adapanga ku Tanzania m'chaka cha 1985, adafalikira ku Zimbabwe, Zambia ndi Mozambique, ndipo adapatsa midzi mafuta osaundana pamodzi ndi zotsalira zodyetsa ziweto. Mtedza wofuna kuyenga kapena kusinja uyenera kukhala wouma bwino ndi wosankhidwa, chifukwa chuku chimatulutsa poizoni woononga chiwindi.

UTHENGA WA MLANGIZI

Mlangizi ayenera kuyamba waona amene akulankhula naye.

Kwa banja la ana aang'ono, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, uthenga ndi woonjezera: nsinjiro, soya kapena supuni ya mafuta m'phala, dzira, usipa wosinja ndi mapeyala. Mwana wosakwana zaka ziwiri sayenera kumanidwa mafuta. Banja lisagulitse mtedza wonse pokolola. Lisungeko wa ndiwo mpaka nyengo ya njala.

Kwa akuluakulu onenepa, odwala shuga kapena kuthamanga kwa magazi, uthenga ndi wosinthanitsa: kusenga mafuta ooneka pa nyama, kuchepetsa batala, majarini wolimba ndi zokazinga, kudya nyemba, nandolo, khobwe, mtedza, nsomba ndi masamba kawirikawiri, kusankha mgaiwa, kuchepetsa mchere, shuga ndi mowa, kuleka fodya, ndi kugwiritsa ntchito thupi. Nyemba ndi nandolo zili ndi ulusi umene umagwira ndulu m'matumbo n'kutuluka nayo, ndipo chiwindi chimatenga kolesiterolo m'magazi kuti chipange ndulu ina.

Kwa ochita malonda okazinga, uthenga ndi wakuti mafuta otenthetsedwa mobwerezabwereza mpaka kuda ndi kuchita thovu amakhala ataonongeka, ndipo ayenera kutayidwa.

Mlangizi sayesa magazi ndipo sapereka mankhwala. Munthu womva kupanikizika pachifuwa akamakwera chitunda, wofooka mwadzidzidzi mbali imodzi ya thupi, wopotoka pakamwa, kapena amene abale ake adamwalira ndi mtima asanakalambe, atumizidwe kuchipatala msanga. Pa nkhani zonsezi mlangizi wa zaulimi agwirizane ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lake, kuti mudzi usamve mauthenga awiri otsutsana.

MAFUNSO OKAMBIRANA PA MSONKHANO WA ALANGIZI

1. Kodi LDL ndi HDL zimasiyana bwanji pa ntchito yake?
2. N'chifukwa chiyani mawu akuti mafuta alibe kolesiterolo sali okwanira posankha mafuta ophikira?
3. Kodi kafukufuku wa ku Cape Town wa m'chaka cha 1955 adasonyeza chiyani za ndalama, chakudya ndi mtundu wa munthu?
4. Kodi boma la Mauritius lidasintha chiyani, ndipo n'chiyani chimene kusinthako sikudathetse?
5. M'dera la mlangizi aliyense, ndi mbewu ziti za mafuta zimene zimalimidwa, ndipo ndi gawo lotani limene limatsala pakhomo zokolola zikagulitsidwa?
6. Mayi wa mwana wa miyezi 10 ndi apongozi ake odwala shuga amadyera mumphika umodzi. Kodi mlangizi awalangize motani?